Amayi anga ali ndi nyamakazi ya m'maondo: kodi angamwe mapiritsi ophatikiza diclofenac ndi misoprostol?

Mwana wa ku Mtenguleni analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Amayi anga, amene ali ndi zaka 68, akhala akuvutika ndi ululu wa m'maondo kwa nthawi yaitali, makamaka akamadzuka pa mphasa m'mawa kapena akamatsetsereka kupita kudimba. Tinapita nawo ku Chipata Central Hospital, ndipo atawajambula, adokotala anati chicherewecherewe cha m'maondo chaperepeseka, ndiye nyamakazi imene imatchedwa osteoarthritis. Anawalembera mankhwala opaka a diclofenac ndi paracetamol, ndipo ululu unachepako, koma sunathe.

Tsopano achimwene anga a ku Lusaka atumiza bokosi la mapiritsi otchedwa Arthrotec 50, ndipo pabokosipo palembedwa kuti piritsi lililonse lili ndi diclofenac 50 mg ndi misoprostol 200 mcg. Iwo akuti ameneyu ndiye mankhwala amphamvu chifukwa ndi awiri m'piritsi limodzi. Amayi amamwanso enalapril wa BP tsiku lililonse, ndipo ululu ukakula amatuma ana kugolosale kukagula mapiritsi aja a ibuprofen osakanikirana ndi paracetamol. Kodi angayambe kumwa mapiritsi atsopanowa pamodzi ndi enawo?

Wa famase wopuma ntchito, Kapata, anayankha:

Mlongo wanga, mwachita bwino kufunsa bokosilo lisanatsegulidwe. Choyamba, achimwene anuwo ali ndi mtima wabwino, koma sakulondola ponena kuti piritsilo ndi lamphamvu kawiri. Mwa mankhwala awiriwo, amene amachepetsa ululu ndi diclofenac yekha, yemwe uja amene akupaka kale pamaondo. Misoprostol sakhudza bondo n'komwe. Ntchito yake ndi kuteteza m'mimba.

Chifukwa chake n'chakuti diclofenac, ibuprofen, naproxen ndi anzawo amaletsa thupi kupanga timadzi totchedwa prostaglandin. Timadzi timeneti ndi timene timabweretsa kutupa ndi ululu pamfundo za mafupa, koma ndi timenenso timathandiza chifu kupanga mamina okuta khoma lake kuti asidi asalidye. Ndiye munthu akamwa diclofenac kwa milungu yambiri, bondo limapepuka koma chifu chimatsala pamtunda, ndipo zilonda za m'mimba zimayambira pamenepo. Misoprostol ndi prostaglandin wopangidwa ku fakitale, woikidwamo kuti abwezeretse chitetezo chimene diclofenac wachotsa. Maganizo omwewo ndi amene ali m'mapiritsi ena monga Vimovo, momwe aphatikiza naproxen ndi esomeprazole, wochepetsa asidi.

Vuto lili apa: misoprostol amateteza chifu chokha. Impso, mtima ndi BP sazitetezako ayi. Diclofenac womwa amatha kukweza BP, amachititsa thupi kusunga madzi, ndipo akakumana ndi enalapril mwa munthu wachikulire, impso zimatha kufooka mwakachetechete, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene kukutentha ndipo anthu samwa madzi okwanira. Mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency linachenjeza kuti diclofenac asaperekedwe kwa anthu amene ali ndi matenda a mtima kapena amene anachitapo sitiroko, ndipo kwa a BP aziperekedwa mosamala kwambiri. Choncho ine ndinganene kuti amayi asayambe mapiritsiwo mpaka adokotala amene akudziwa za enalapril uja awaone ndi kuyeza impso zawo.

Za mapiritsi a kugolosale aja, yankho ndi lachidule. Ibuprofen ndi diclofenac ndi a banja limodzi, ndipo samwedwa pamodzi. Ululu sucheperapo, koma ngozi ya kukha magazi m'mimba imakula.

Mayi wa ku Katete anayankha:

Bambo a ku famase anena zambiri, koma ine ndikufuna kuwonjezera za misoprostol, popeza kumudzi mankhwala sakhala a munthu mmodzi. Agogo akakhala ndi mapiritsi a ululu, mpongozi akamva msana amapempha limodzi, mdzukulu akamva mutu amapatsidwa limodzi, ndipo palibe amene amaona cholakwika chifukwa ndi kuthandizana.

Misoprostol ndi mankhwala amene anamwino amagwiritsa ntchito m'chipinda chochilira poyambitsa matenda a kubereka ndi poletsa kutaya magazi mayi akachira, chifukwa amachititsa chiberekero kukokana. Mayi woyembekezera akamwa piritsi la agogo lija, pathupi pangathe kupita padera, kapena mwana angabadwe ndi chilema. Ndipo kumbukirani kuti pamiyezi yoyambirira atsikana ambiri sanena kuti ali ndi pakati, ena sadziwanso. Ngati adokotala adzavomereza kuti amayi anu amwe mapiritsiwo, asakhale pawindo kapena m'kambale ka pashelefu pamodzi ndi ndalama za mchere. Akhale m'sutukesi yokhoma, ndipo amayiwo auzidwe momveka bwino chifukwa chake.

Mudziwenso kuti misoprostol amatsegula m'mimba mwa anthu ambiri masiku oyamba, ndipo kwa munthu amene bondo likumuvuta kunjuta m'chimbudzi cha dzenje, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Mlimi wa ku Chiparamba anayankha:

Ine sindine wachipatala, koma ndinaona zimenezi kwa malemu atate anga aang'ono. Ankamwa mapiritsi a mitundu itatu, a mayina osiyana ndi mabokosi osiyana, osadziwa kuti awiri mwa iwo anali ndi mankhwala a banja limodzi. Tinadzazindikira chimbudzi chawo chitasanduka chakuda bii ngati phula, iwo ali wefuwefu ndi chizungulire, ndipo kuchipatala anati akukha magazi m'mimba. Muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa dzina lalikulu. Paracetamol nayenso amabisala m'mapiritsi a chimfine ndi m'mapiritsi osakaniza aja, ndipo munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 patsiku, kutanthauza mapiritsi 8 a 500 mg, apo ayi chiwindi chimawonongeka.

Kwa ena amene akuwerenga, ngati wodwala wanu ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga TLD, auzeni adokotala asanayambe diclofenac kapena ibuprofen, chifukwa onsewa amatha kuvulaza impso.

Wothandiza odwala mafupa, Chipata, anayankha:

Ndikugwirizana ndi onse, koma ndikuona kuti tatanganidwa ndi piritsi ndipo bondo taliiwala. Palibe piritsi, limodzi kapena lophatikiza, limene limameretsanso chicherewecherewe chimene chatha. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a 2022 amaika patsogolo masewera olimbitsa minofu ndi kuchepetsa thupi kwa amene ali onenepa, kenaka mankhwala opaka pabondo, ndipo akumwa amabwera pambuyo, pamlingo wochepa ndi kwa nthawi yaifupi. Zimene analemba adokotala aja zikutsata njira yomweyo, chifukwa diclofenac wopaka amalowa m'magazi pang'ono chabe poyerekeza ndi womwa.

Amayi akhale pampando, awongole mwendo umodzi mpaka bondo litambasuke, augwire m'mwamba pang'ono, kenaka autsitse mosathamanga, abwereze kangapo mwendo uliwonse m'mawa ndi madzulo. Minofu ya patsogolo pa ntchafu ikalimba imasenza katundu amene akanagwera pabondo. Apezereni mpando wautali woti azikhalira pophika ndi potongola chimanga m'malo mwa mphasa, ndipo ndodo azigwira ndi dzanja la mbali imene sikupweteka kwambiri. Asaleke kuyenda poopa ululu, chifukwa bondo longokhala limauma msanga.

Mupewenso mabotolo a zitsamba ogulitsidwa m'misika opanda chizindikiro chakuti bungwe loona za mankhwala m'Zambia la ZAMRA linawavomereza. M'mayiko ambiri mankhwala otere apezeka osakanizidwa mobisa ndi masiteroidi monga dexamethasone, amene amathetsa ululu mwamsanga koma amakweza shuga ndi BP.

Mwana wa ku Mtenguleni analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Bokosi ndalisunga ine, ndipo Lolemba tipita nalo kuchipatala pamodzi ndi mapiritsi onse a m'nyumba. Funso lina n'lakuti amayi amavutika kumeza mapiritsi aakulu ndipo amakonda kuwaphwanya m'supuni ya phala. Akaloledwa kumwa awa, angachite chimodzimodzi?

Wa famase wopuma ntchito, Kapata, anayankhanso:

Ayi mlongo wanga, awa saphwanyidwa kapena kutafunidwa. Diclofenac ali pakati pa piritsi, wokutidwa ndi chikhungwa chimene chimasungunuka piritsi litadutsa chifu n'kufika m'matumbo, pamene misoprostol ali kunja kuti ayambe ntchito msanga. Mukaliphwanya mwachotsa chitetezo chimenecho. Limezedwe lathunthu ndi madzi ambiri, pa nthawi ya chakudya kapena atangomaliza kudya nsima. Ngati kumeza kukuvuta, muwauze adokotala tsiku lomwelo, ndipo mupemphe kuti ayeze creatinine, amene amaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndi BP asanasankhe chilichonse.