Chingwe cha intaneti m'nyumba: Cat5e kapena Cat6?

Wa ku Dedza boma: Akuluakulu, ndikufuna kukoka chingwe kuchoka pa rauta kukafika ku boys' quarter, mamita 40. Ndigule chiti?

Wa ku Lizulu: Gulani Cat6, achimwene. Cat5e imanyamula 1 Gbps (Gbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti) mpaka mamita 100, ndipo ikukwanirani, koma Cat6 imafika 10 Gbps pa mamita osapitirira 55. Chachikulu, onani zolembedwa pachingwepo. Mukaona CCA, chisiyeni. Ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba, amathyoka msanga. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni: mkati mukayera, si mkuwa weniweni.

Wa ku Ntcheu: Poti chidutsa panja, chilowetseni mupaipi ya PVC n'kukwirira, apo ayi dzuwa lidya khungu lake. Musachiphatikize ndi mawaya a magetsi. Kukachita ziphaliwali, chizuleni pa rauta.

Wa ku Bembeke: Ambiri amalakwitsa pomanga mitu ya RJ45, timapulagi ta kumapeto kwa chingwe. Tsatirani T568B, ndondomeko yosanjira mawaya a mkati mwa chingwe potengera mtundu wake, mbali zonse ziwiri, ndipo musapombosole mawaya kupitirira mamilimita 13. Liwiro la 1 Gbps limafuna mawaya onse 8. Waya mmodzi akapanda kugwira bwino, liwiro limatsikira pa 100 Mbps (gawo limodzi mwa magawo khumi a 1 Gbps) kapena kuduka kumene. Yesani ndi tester, kachida koyesera chingwe, musanakwirire paipi ija.