Ogula awiri pa kanthawi kamodzi mu PostgreSQL: titseke mizere kapena tipite ku SERIALIZABLE?

Anzanga odziwa za database, ndithandizeni nzeru pa vuto ili.

Pali tebulo la katundu mu PostgreSQL (pulogalamu yosungira deta) lokhala ndi id ngati primary key (nambala yozindikiritsa mzere uliwonse), dzina, ndi chiwerengero. Pogulitsa, pulogalamu imawerenga chiwerengero ndi SELECT, imachotsera payokha, kenako n'kulemba nambala yatsopano ndi UPDATE. Tiyerekeze kuti pali zinthu 10. Ogula awiri akafika pa kanthawi kamodzi, onse amawerenga 10, woyamba amalemba 9, wachiwirinso 9. Zagulitsidwa ziwiri, koma tebulo likusonyeza kuti chachoka chimodzi. READ COMMITTED, njira yolekanitsira ntchito zochitika pa kanthawi kamodzi yomwe PostgreSQL imagwiritsa ntchito ngati simunasinthe, siiletsa zimenezi ngakhale zonse zili mkati mwa transaction (gulu la malamulo omwe amatheka onse pamodzi kapena kulephera onse).

Njira yachidule ndi UPDATE katundu SET chiwerengero = chiwerengero - 1 WHERE id = 7 AND chiwerengero > 0, ndipo pa chinthu chimodzi imagwira bwino lomwe. Povuta ndi pamene risiti imodzi ili ndi zinthu zingapo. SELECT ... FOR UPDATE imatseka mizere, inde, koma transaction ina ikatseka mzere wa id 7 kenako 12, inzake 12 kenako 7, zimangodikirirana mpaka PostgreSQL itazindikira deadlock n'kuthetsa imodzi.

Kodi kuika ORDER BY id potseka kumathetseratu zimenezi? Kapena kuli bwino SERIALIZABLE (yomwe imaonetsetsa kuti zotsatira zikhale ngati ma transaction achitika imodzi pambuyo pa inzake), n'kumabwereza transaction ikalephera ndi nambala ya vuto 40001? Ngati ndi choncho, inu mumabwereza kangati, ndipo mumadikira nthawi yotalika bwanji musanayesenso?