Ndikulemba nkhani yopeka ya mnyamata woyendetsa kampeni ku Kasungu, ndithandizeni

Nachisale_Santhe:
Moni nonse. Mwini nkhani yanga ndi mnyamata wongomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi, ndipo walowa m'gulu la kampeni ya mayi wina wofuna uphungu kuno ku Kasungu. Amakhulupirira ndi mtima wonse kuti voti sigulidwa. Ndikufuna chikhulupiriro chakecho chiyesedwe, koma m'njira yoti odziwa ndale akawerenga avomereze kuti zimakhaladi choncho. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ingakhale yotani, nanga mayesero enieni amadza pati?

WakuChamama:
Achemwali, yambirani pa chisankho chachipulula, chimene chipani chimasankhira wochiimira, msonkhano waukulu ubwere pambuyo. M'dera lomwe chipani chimodzi chinazika mizu, amene wapambana chipulula amakhala atayenda kale theka la ulendo. Ovota kumeneko si anthu onse, koma nthumwi zochokera m'makomiti a maeriya, ndipo kawirikawiri zimafola kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna, aliyense akuona. Ndiye mnyamata wanuyo mumupatse kope la mayina a nthumwi. Ntchito yake ikhale kuyendera wapampando wa eriya iliyonse panjinga yamoto, kupeza lole yodzanyamula anthu, mafuta, ufa ndi ndiwo.

Pamavuta apa: tsiku la chisankho pamatulukira mndandanda wina wokhala ndi maeriya amene dzulo kunalibe. Kapena opikisana nawo atenga nthumwi dzulo lake, azigoneka malo amodzi, azidyetsa, n'kubwera nazo m'mawa zikuimba. Wina m'gulu lake adzamuuza kuti nafenso tichite zomwezo. Mayiyo akagwa, mwapeza mutu wachiwiri wa nkhani: aime payekha kapena agwire mwendo wa amene wamubera? Chipanicho chipekeni nokha dzina.

MayiWaMtunthama:
Ndiwonjezere za lamulo kuti musaphonye. Kampeni yovomerezeka imatenga masiku 60 ndipo imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti anthu aponye voti. Msonkhano usanachitike amalembera kalata bwanamkubwa, apolisi n'kudziwitsidwanso. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pokopa ovota, koma nsalu ndi malaya a chipani sizili m'gulu loletsedwalo.

Mnyamata wanu sangagwe ndi chikwama cha ndalama ngati m'mafilimu. Adzagwa ndi maliro. Mfumu yatumiza uthenga kuti pamudzi pagwa zovuta, bokosi palibe, galimoto yokatenga thupi kuchipatala palibe. Kukana ndi nkhanza, ndipo mudzi wonse udzakumbukira. Kuvomera, mawa mwambo wa maliro uli mkati wina alengeza dzina la amene wagula bokosi. Pamenepo chifundo chathera pati, kugula voti kwayambira pati? Dekhani pamalo amenewa, musathamange. Chimodzimodzi kangachepe ka amfumu popempha bwalo, ka amayi a chimtali ndi ka gule amene wasangalatsa anthu.

Mphunzitsi_Nkhamenya:
Mapeto a nkhani muwaike usiku wowerenga mavoti. Mavoti amawerengedwa pamalo pomwe anaponyedwa, mamonitala a opikisana akuona, kenako amasaina pepala la zotsatira ndi kutenga kope lawo. Woyendetsa kampeni wodziwa ntchito amaonetsetsa kuti monitala aliyense ali ndi tochi, cholembera, foni yodzaza moto, mayunitsi ndi chakudya. Amawauza zitatu: osachoka kuwerenga kusanathe, osasaina pepala lopanda manambala, ndipo ajambule pepalalo lisanapite kumalo ophatikizira zotsatira. Zimasokonekera chifukwa ndalama zimathera m'misonkhano yoimaima ya sabata yomaliza. Monitala amene wakhala ndi njala kuyambira mbandakucha amasaina msanga n'kupita kwawo, kapena amalandira chakudya cha mbali inayo.

Sankhaninso chaka mosamala. Chisankho cha 21 May 2019 ndi chija mapepala a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex (utoto woyera wofufutira zolemba), khoti n'kuthetsa zotsatira za pulezidenti pa 3 February 2020, anthu n'kuvotanso pa 23 June. Mukaika nkhani mu 2025, voti inali pa 16 September, m'chilimwe: fumbi m'misewu, fodya atagulitsidwa kale kumsika wa Chinkhoma. Dziwaninso kuti zoti wopambana apeze mavoti opitirira theka zimakhudza pulezidenti yekha. Mayi wanuyo atha kupambana kapena kugwa ndi mavoti ochepa a pasukulu imodzi, ndipo pepala la pasukulupo lingakhale m'thumba la mnyamatayo.