Ndithandizeni: zithunzi za bowa zikutuluka ndi chimbuuzi m'mphepete

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu odziwa za makamera, ndigawireniko nzeru.

Ndimakhala kufupi ndi Likhubula kuno ku Mulanje. Mvula ikakhazikika mu Disembala ndimajambula bowa wa m'nkhalango ya m'munsi mwa phiri: manyame achikasu omera pansi pa misuku, ndelema, ndi timanda tija totuluka mwaunyinji pafupi ndi chulu. Kamera yanga ndi Canon 600D yakalekale, lenzi ya 50mm, ndipo pakati pa kamera ndi lenzi ndimaikapo matyubu otchedwa ma extension tube kuti ndiyandikire kwambiri. Vuto ndi loti ukayandikira chonchi, malo ooneka bwino sakwana ndi milimita imodzi yomwe. Mphepete mwa chipewa mukamaoneka bwino, tsinde lili mbuu. Ndikalunjika patsinde, timizere ta kunsi kwa chipewa tasowa. Ndikachepetsa kabowo kolowera kuwala ka lenzi mpaka f/22 kuti zonse zilowe, chithunzi chonse chimafooka ngati ukuyang'ana pagalasi la minibasi mvula ikugwa.

Ndiye ndayamba focus stacking: kujambula bowa yemweyo kambirimbiri, focus (malo ooneka bwino) ikusunthira kutsogolo pang'onopang'ono, kenako kompyuta n'kutola mbali zooneka bwino pa chithunzi chilichonse n'kuzilumikiza. Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya CombineZP poti ndi yaulere. Zikutheka ndithu, mpaka mame a pachipewa amaoneka kadontho kalikonse pakokha, koma kuzungulira chipewa kumatsala chimbuuzi chowala, ndipo udzu wa kumbuyo umatuluka uwiriuwiri. Nthawi zina theka la bowa limawala, theka lina kuda.

Kodi ndizipotokola focus pa lenzi kapena ndizisuntha kamera yonse? Komanso kodi ndingomuzula bowayo ndizikajambulira kunyumba patebulo? Pajatu amayi ozula bowa amalowa m'tchire kusanache, ine ndikamafika ndimapeza maenje okhaokha.

Wojambula maukwati ku Limbe: Achimwene, f/22 ija isiyeni kaye. Ndi matyubu, bowa akamagwera pa sensa (kachipangizo kolandira chithunzi m'kamera) pa kukula kwake kwenikweni, mulingo wa 1:1, f/22 imagwira ntchito ngati f/44. Kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono chonchi kumamwazika, n'chifukwa chake chithunzi chikufooka. Khalani pa f/5.6 kapena f/8, zotsalazo izichita stacking.

Za kupotokola lenzi, imvani bwino apa chifukwa ambiri sazidziwa. Lenzi ya 50mm ikakhala pa matyubu okwana pafupifupi mamilimita 50, kupotokola focus sikusuntha kwenikweni malo ooneka bwino. Chimene chimasintha ndi kukula kwa chithunzi. Ndiye mumaona ngati mukuyenda pamene mwaima pamodzimodzi, pulogalamu n'kumavutika kulumikiza zithunzi zosiyana kukula. Pa timanda ndi tibowa tina tating'ono mukufunika njanji, kamera yonse izitsetsereka. Pa ndelema wamkulu chotsani matyubu ena, musiye kakafupi kaja, pamenepo kupotokola lenzi kumagwira bwinobwino.

Mwini funso: Zikomo bwana, izi za matyubu sindinazimvepo. Nanga chimbuuzi chija?

Wojambula maukwati ku Limbe: Chimenecho sichitheratu. Focus ikakhala kumbuyo pa udzu, mphepete mwa chipewa mumafufuma n'kuphimba kambali ka udzuwo. Ndiye palibe chithunzi ndi chimodzi chomwe chimene kambali kameneko kanaoneka bwino, pulogalamu imangodzazapo zomwe yapeza. Mankhwala ake, musalondole focus mpaka kumbuyo. Mukamaliza bowa lekani, udzu ukhale mbuu, ndiponso zimakongola choncho. Pulogalamu za Zerene Stacker ndi Helicon Focus zili ndi kaburashi kokonzera malo otero pamanja, koma ndi zogula. Zonse ziwiri zimalola kuyesa kwa masiku 30.

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Theka kuwala theka kuda ndi mitambo ya phirilo, bambo. Kumeneko dzuwa limabisala ndi kutuluka mphindi iliyonse. Ikani kamera pa M (pamene zonse mumatchera nokha), white balance (yowongola mitundu) isakhale pa auto, ndipo mutchinge bowayo ndi ambulera kuti dzuwa lisamufike n'komwe. Kenako muunikeni nokha ndi tochi yokutidwa ndi jumbo yoyera. Kunsi kwa chipewa ikani kapepala konyezimira ka m'paketi ya tiyi, timizere tija tidzaoneka. Tripod (chokhazikapo kamera cha miyendo itatu) pa bowa imasokoneza, ine ndimadzaza nyemba m'sokisi n'kukhazikapo kamera pansi penipeni. Timer ya masekondi 2 musaiwale.

Wina wongodutsa: Anthu akujambula ndiwo zithunzi makumi anayi ife nsinjiro tasinja kale. Tiuzeni malowo tikakuthandizeni kuchotsa vutolo.

Mayi wa ku Thyolo: Achimwene, za kuzula ndiyankheko ine, ndakula ndikuzula bowa. Manda sachedwa kufota. Mukawazula m'mawa, pofika kunyumba zipewa zagwa, mtundu wasintha, ndipo amene amawadziwa akaona chithunzicho adzati si manda amenewa. Komanso bowa amadziwika ndi pamene wamera. Manyame ndi ndelema amayenda ndi mizu ya misuku ndi miombo, n'chifukwa chake simungawapeze m'munda wa tiyi kapena pa bulugamu, ndipo mitengo ija ikadulidwa makala nawonso amatha. Manda ndi a chiswe. Chithunzi cha patebulo chimataya zonsezi.

Amayi akukutsogoleraniwo musapikisane nawo, simungawathe. Apezeni madzulo, mukambirane, mudzuke nawo limodzi. Akusiyirani tsinde limodzi labwino mujambule, mukamaliza mugule bowayo pamtengo wake. Iwo ndi amene angakuuzeninso dzina lenileni la mtundu uliwonse.

Koma chonde, zithunzizo mukamaziika pa Facebook musamalembe kuti uyu ndi wodyedwa. Ndelema ali ndi abale ake akupha ofanana naye, onse amatuluka m'kathumba pansi pa tsinde. Wina adzaona chithunzi chanu chokongolacho n'kukazula zina.

Mwini funso: Mayi, mwanena zoona, ndipo ndikawapeza amayiwo. Kathumba ka pansi kaja ndikufuna kazionekanso pachithunzi, ndiye ndizingochotsa masamba ouma pambali osakumba.

Mnyamata wa makompyuta ku Zomba: Ngati matyubu anu ali ndi timapini ta magetsi ndipo lenzi ndi ya autofocus, 600D imalola pulogalamu yoika m'kamera yotchedwa Magic Lantern, yomwe imasuntha focus yokha n'kumajambula inu manja ali m'thumba. Si ya Canon, ndiye muwerenge bwino musanaike. Izi zikuthandizani pa bowa wamkulu yekha, monga anenera a ku Limbe. Amene muli ndi foni ya Android yesani pulogalamu ya Open Camera, pa mafoni ena ili ndi focus bracketing, yomwe imajambula zithunzi zambiri focus ikusuntha yokha.

Mwini funso: Timapini tilipo. Koma njanji ija ndiye sindinaione m'sitolo iliyonse kuno, ndipo kuitanitsa kunja ifika bowa atatha. Alipo anapangapo yakeyake?

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Pitani kwa kalipentala ndi bawuti yaitali ya M6. Imeneyo ukaizungulitsa kamodzi imayenda milimita imodzi ndendende. Akupangireni kathabwa kotsetsereka pakati pa timatabwa tiwiri, bawutiyo izikankha kumbuyo, ndipo mukoke kathabwako ndi labala kuti kasagwedere. Pamutu pa bawuti lembani zizindikiro zinayi. Pa f/8 muzizungulitsa kotala imodzi pa chithunzi chilichonse, ndipo muziyamba patsogolo pang'ono pa bowayo, pamene palibe chooneka bwino, chifukwa mphepete ya kutsogolo ikaphonyeka ndiye kubwerezanso zonse. Nyerere ikakwera pachipewa dikirani itsike.