Kuchoka ku fakitale ya tiyi kupita kokonzera sitima zapamadzi: ndiyambire pati?

Wa ku Bvumbwe:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Kwa zaka 4 ndakhala ndikuyang'anira chitetezo ndi umoyo wa ogwira ntchito pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo maphunziro anga ndi a uinjiniya wa makina. Tsiku ndi tsiku ndimalimbana ndi fumbi la tiyi, phokoso la makina odula masamba a tiyi otchedwa CTC, malamba a makina amene anyamata amawachotsa zotchingira pofuna kufulumira, komanso boyila imene timasonkhezera nkhuni za bulugamu. Tsopano ndamva za mwayi wa ntchito yomweyi pamalo okonzera sitima zapamadzi. Kunena zoona, sitima ndinangoikwerako kamodzi, Ilala, kuchokera ku Monkey Bay kukatsikira ku Nkhata Bay, ndipo za m'mimba mwake sindizidziwa. Kodi zimene ndaphunzira ku tiyi zingandithandize kumeneko, kapena ndikayambira pansi ngati mwana wa sukulu? Ndi mapepala ati amene ndiyenera kuwonjezera?

Wowotcherera wopuma, Chitakale:

Achimwene, ine ndinagwira ntchito yowotcherera zitsulo kwa zaka zambiri pa kampani ina yokonza sitima ku Durban ndisanabwerere kuno ku Mulanje, choncho ndiyankha monga munthu amene ankayang'aniridwa ndi anthu a ntchito yanuyo. Zimene mwaphunzira ku tiyi sizidzatayika, chifukwa phokoso ndi phokoso, ndipo lamba wopanda chotchingira amadula chala kulikonse. Koma pali chinthu chimodzi chimene fakitale ya tiyi simakuphunzitsani mokwanira, ndicho kulowetsa munthu m'thanki yotsekeka, kenako n'kumuuza kuti ayatse moto momwemo.

Sitima ndi chitsulo chogawidwa m'tizipinda tambirimbiri: mathanki a mafuta, mathanki a madzi othandiza kuti sitima isapendekeke, ndiponso timipata ta pansi penipeni momwe munthu amayenda chokwawa. Polowera pake ndi kabowo kongokwanira mapewa. Mpweya umene timapuma panja uli ndi okosijeni pafupifupi 20.9 peresenti, ndipo ukatsika kupitirira 19.5 munthu sayenera kulowa popanda chida chopumira. Chimene ambiri sachikhulupirira n'chakuti thanki yopanda kanthu, imene yangokhala yotseka kwa miyezi ingapo, imatha kukhala yopanda okosijeni wokwanira chifukwa dzimbiri limadya mpweyawo pamene likupangika. Simununkha kanthu, simuoneka utsi, munthu amangofooka mawondo ali pamakwerero.

Ndinaziona ndi maso anga. Tsiku lina m'mawa tinatsegula thanki ya madzi, ndipo mnyamata wina amene ankatinyamulira zingwe anaponyamo tochi mwangozi. Woyeza mpweya anali asanafike, koma iye anati angotsika masitepe asanu n'kuitola. Ndinamuona akugwira chitsulo chachinayi, kenako dzanja linangomasuka ngati la munthu wogona tulo. Mnzake anali ataponda kale phazi pakabowo kuti amutsatire, ndipo amene anamugwira kolala ya ovololo n'kumukokera kumbuyo anali mayi woyang'anira chitetezo, amene tonse tinkamunena kuti ndi wovuta. Amene anatsika ndi anthu awiri ovala zopumira, anamutulutsa ndi chingwe, ndipo mnyamatayo anatsitsimuka. Akanalowa mnzakeyo tikanatulutsa anthu awiri, chifukwa pa ngozi za mtundu umenewu wopita kukapulumutsa nayenso amakomokera pomwepo.

Choncho phunzirani kuyeza mpweya mpaka muzichita ngati kumanga nsapato. Mumayamba ndi okosijeni, kenako mpweya woyaka, kenako wapoizoni, ndipo mumayeza pamwamba, pakati ndi pansi pa thanki popeza mipweya ina ndi yolemera ndipo imakhala pansi. Anthu akapita kukadya nkhomaliro, mapaipi a gasi atuluke nawo, chifukwa paipi ya okosijeni ikamadontha m'malo otsekeka, ovololo imayaka ngati udzu wa mu Okutobala. Ndiponso musanasaine chilolezo chowotcherera, zungulirani mukaone kuseri kwa chitsulocho, chifukwa wowotcherera amaona mbali yake yokha, pamene kuseriko kungakhale thanki ya dizilo kapena munthu akupaka utoto.

Mayi wa ku Luchenza:

Bambo a ku Chitakale afotokoza bwino za ntchito yeniyeni, ine ndiyankhe za mapepala. Kuno kwathu maziko ake ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la 1997, pamodzi ndi lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000, ndipo ndikukhulupirira kuti onse awiri mumawagwiritsa kale ntchito ku fakitaleko. Amene amayendera malo a ntchito ndi a dipatimenti yoona za chitetezo ndi umoyo pantchito mu unduna wa zantchito. Ngati mukulingaliranso za madoko akunja monga Nacala, Beira kapena Durban, satifiketi ya NEBOSH, bungwe la ku Britain lopereka mayeso a chitetezo pantchito, ndi imene olemba ntchito ambiri amaizindikira, ndipo bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, lili ndi malangizo akeake a chitetezo pomanga ndi pokonza sitima amene ndi bwino kuwawerenga musanapite kokafunsidwa mafunso.

Komabe ndisiyane pang'ono ndi bambowo pa mfundo imodzi. Si zoona kwenikweni kuti ku tiyi kulibe malo otsekeka. Ngati munalowetsapo munthu m'boyila nthawi yokonza makina m'miyezi yozizira, pamene masamba achepa m'minda, ndiye kuti munatsekapo mavavu, munapachikapo loko pa switchi, munadikirapo kuti muzizire, ndipo munaimikapo munthu pakhomo. Zimenezo muzinene molimba mtima pofunsidwa, chifukwa ndi nzeru yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku fakitale zimachitika kamodzi kapena kawiri pachaka, pamene kokonzera sitima ndi chakudya cha tsiku lililonse, ndipo malo ogwirira ntchito amasintha maonekedwe pakati pa m'mawa ndi madzulo: pamene panali pansi polimba mupeza padulidwa bowo, pamene panali njira mupeza pamangidwa nsanja.

Funso limene inuyo muyenera kuwafunsa ndi lakuti mudzakhala pansi pa ndani. Ngati amene adzasaine tchuthi chanu ndi kapitawo yemweyo amene akuthamangitsidwa kuti sitima ibwerere pamadzi Lachisanu, kuimitsa ntchito kudzakuvutani kwambiri. Pemphani kuti mphamvu yoimitsa ntchito yoopsa ilembedwe m'kalata yanu ya ntchito.

Wa ku Muloza:

Ndiwonjezerepo za ukalamba wa sitima, popeza mwatchula Ilala. Sitima imeneyi inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay ndipo inayamba kuyenda mu 1951. M'zaka zimenezo opanga sitima padziko lonse ankakutira mapaipi otentha ndi asibesitosi, ulusi wosapsa ndi moto wochokera ku miyala, ndiponso ankapaka utoto wokhala ndi mtovu, choncho pa sitima iliyonse yakale muziyamba mwafufuza musanalole munthu kupala kapena kudula. Fumbi la asibesitosi silidwalitsa lero, matenda ake a m'mapapo amatha kuonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo, munthu atapuma kale ntchito ndipo ali kumudzi. Za phokoso mukuzidziwa kale, malire ake ndi omwewo a madesibelo (muyeso wa phokoso) 85 pa maola 8, kungoti galayindala ikamalira m'kati mwa thanki yachitsulo phokosolo limabwerera kwa mwini wake kuchokera mbali zonse.

Wa ku Bvumbwe:

Zikomo kwambiri nonse. Za boyila sindinaziganizire n'komwe, chonsecho ndi ine amene ndinalemba ndondomeko yolowera momwemo. Bambo a ku Chitakale, ndifunseko chimodzi: owotcherera akale ngati inu mumamulandira bwanji munthu wachitetezo amene sanagwirepo ndodo yowotcherera? Kuno anyamata amandimvera chifukwa makinawo ndimawadziwa kuposa iwo.

Wowotcherera wopuma, Chitakale:

Adzakuyesani, achimwene, ndipo sabata yoyamba adzakutumani ku mbali ya sitima imene kulibe kuti aone ngati mudzafunsa. Funsani, musachite manyazi. Chimene ife tinkadana nacho ndi munthu wosaina chilolezo ali mu ofesi, helemeti yake ili mbuu ngati yogula dzulo. Mukayeza mpweya n'kupeza kuti uli bwino, lowani inuyo poyamba, mukwawe mpaka pamene munthuyo akagwirire ntchito, muone ngati paipi yokoka utsi ikufikadi pamenepo. Moto wowotcherera ukazimitsidwa musalole kuti onse achoke nthawi yomweyo, wina atsale ndi chozimitsira moto kwa mphindi zosachepera 30, chifukwa nsanza yamafuta imanyeka mwakachetechete. Ndipo masabata awiri oyambawo pemphani chojambula cha sitima chosonyeza mathanki onse, muziyenda nacho m'thumba, thanki iliyonse imene mwalowamo muziichonga ndi pensulo.