Thandizeni a pagulu, kesi ya kompyuta yotchipa ndingaipeze kuti muno mu Joni?

Membala wobisa dzina
Moni nonse. Aadimini chonde dzina langa lisaoneke, muli achibale muno amene akangomva kuti ndili ndi kenakake m'thumba foni yanga siipuma.

Kwa miyezi 7 ndakhala ndikugula zipangizo za kompyuta chimodzichimodzi, ndikufuna ndimange ndekha koyamba. Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya ku Randburg, koma Loweruka ndimajambula maukwati a anthu akwathu, ndiye laputopu yanga yatopa, vidiyo ya mphindi 10 imagonera usiku wonse. Purosesa ndili nayo, RAM, SSD, motherboard (bolodi yaikulu imene zipangizo zinazi zimalumikizidwapo), power supply (kabokosi kopereka magetsi) yatsopano ya 650W, komanso graphics card (yotulutsa zithunzi) yomwe ndinagula kwa mnyamata wina ku Benoni. Chatsala ndi kesi basi, bokosi loikamo zonsezi.

Zonsezi zili m'makatoni pansi pa bedi ku Rosettenville ndipo mtima suli m'malo. Mnzanga amene timagawana naye chipinda amakazinga usipa momwemo, mawindo otseka ati kukuzizira, ndipo dzana ndinapeza atayanika masokosi pa katoni ya motherboard. Ndikayankhula akuti ndayamba matama. Alandilodi akweza renti. Alamu anga anabwereka R1 500 mu Malichi, lero ndikaimba amayankha ndi mwana. Akanabweza bwenzi nkhani ino kulibe.

Ndatsala ndi R700, ndikadzifinya R800. Ndimafuna ya galasi pambali, yowala mitundumitundu ngati zimene timaona pa TikTok. Ndigule iti, ndipo kuti? Onyoza mundidutse chonde.

Injiniya wa ku Kempton
TAMVERANI INE ACHIMWENE. Zaka 11 ndikumanga makompyuta muno. Kesi yotchipa imene imabwera ndi power supply kale mkati MUSAYEREKEZE N'KOMWE. Pachomata amalemba 450W koma mukainyamula ndi yopepuka ngati paketi ya mabisiketi. Tsiku limene magetsi adzathime n'kubwera mwamphamvu, idzaphulika n'kupita ndi motherboard yanu kumanda. Ndaika maliro a makompyuta ambiri ine.

Achemwali a IT
A Injiniya, munthuyu wanena kale kuti power supply ali nayo. Achimwene ofunsa, mwatiuza za masokosi, za renti, za alamu, koma chimene tikufunika kudziwa simunanene. Motherboard yanu ndi yanji? Zilipo saizi zitatu zodziwika: ATX ndi 305 mm kwa 244 mm, micro-ATX ndi 244 mbali zonse, mini-ITX ndi 170 mbali zonse. Yaing'ono imalowa mu kesi yaikulu, koma yaikulu singalowe mu yaing'ono. Nanga graphics card ndi yaitali bwanji?

Injiniya wa ku Kempton
650W YA KAMPANI YANJI? Nambala aliyense atha kulemba.

Mjomba wa pa Bree
Alamuwo ndi amene akufunika kesi, ya kukhoti.

Bambo a ana atatu
Ana a masiku ano mumandidabwitsa. Kumudzi anthu akulira mtengo wa feteleza, mvula ili pafupi, inu mukufunafuna bokosi lowala ngati disko. Munabwera ku Joni kudzaonera magetsi? Tumizani ndalamayo kwa mayi anu.

Membala wobisa dzina
Bambo, mayi ndimawatumizira mwezi uliwonse osaphonya, ndipo denga la nyumba yawo ndinakhoma ndine ndi ndalama ya kamera yomweyi. Kompyutayi ndi khasu langa.

Bambo a ana atatu
Khasu silikhala ndi galasi.

Nachisale wa ku Midrand
Apo pokha bambowa alasa. Ine ya galasi sindidzagulanso. Mwamuna wanga anagula, yokongola zedi, anthu akabwera ankayamba kuijambula asanapereke moni. Tsiku lina akufuna kupukuta fumbi anachotsa galasilo n'kuliimika pa matailosi. Sanaligwetse ayi, anangolitsitsa, kona n'kugunda pansi pang'ono. Phwaa! Linasanduka timiyala ngati mchere wa m'misika uja. Tinasesa masiku atatu, tina tinkatipeza m'nsapato za mwana. Titafunsa kumene tinagula anati galasi lokha sagulitsa. Panopa mbaliyo tinatseka ndi katoni ya chimanga cha ana cham'mawa. Ngati m'chipinda mwanu muli matailosi, galasi muziliika pabedi.

Injiniya wa ku Kempton
Galasi si vuto, vuto ndi anthu osaphunzira kugwira zinthu. Vuto lenileni ndi MPWEYA. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1 700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wa kuno ndi wopepuka, fani imazungulira koma kutentha imachotsa kochepa poyerekeza ndi ku Durban. Ndiye mutenge kesi yotseka kutsogolo ndi galasi, mwaika mafani atatu okongola kuseri kwake, akoka mpweya kuchokera kuti? Zili ngati kuthamanga mutavala jumbo kumutu. Izi ana a pa YouTube sakuuzani.

Nachisale wa ku Midrand
Osaphunzira ndi ndani? Mwamuna wanga muzimutchula bwino, akulu.

Injiniya wa ku Kempton
Sindinatchule munthu mayi. Koma galasi linasweka.

Achemwali a IT
Za mpweyazo a Injiniya akunena zoona, kungoti akukuwa. Pa R800 sankhani ya kutsogolo kwa timabowo ngati sefa, pa malonda amalemba kuti mesh. Mafani awiri a 120 mm kutsogolo okoka mpweya ndi imodzi kumbuyo yotulutsa, zakwana. Koma ndikubwerezanso, motherboard ndi yanji?

Wa ku Nkhotakota
Inu nonse mukumusocheretsa. Mphwanga, gulitsa zonsezo ugule laputopu yamphamvu. Tsiku lobwerera kumudzi udzandikumbukira. Ine yanga ndinainyamula pa basi kuchokera pa Park Station, ndinaikulunga m'bulangeti bwinobwino, koma anyamata opakira anaika pansi, pamwamba pake zidebe za mafuta ophikira ndi matumba a anthu a geni. Beitbridge, Nyamapanda, Tete, pofika pa Mwanza kesi inali itapindika ngati mbale ya galu. Graphics card inathyola polowera pake chifukwa sindinaichotse. Kunyumba anaisandutsa mpando wa pakhonde.

Injiniya wa ku Kempton
LAPUTOPU YA VIDIYO? Mukufuna aziwotchera chimanga?

Wa ku Nkhotakota
Akulu, mumayankha aliyense ngati gulu lino munalilipirira lobola.

Mjomba wa pa Bree
Aise, kesi ya chiyani? Pita ku City Deep ukatole kireti ya tomato. Mpweya umalowa mbali zonse, a Injiniya asangalala, R800 ugule nyama.

Kamnyamata ka ku UJ
Mukuseka koma Mjomba sali kutali kwenikweni. Musanaike mu kesi, yambani mwayesa zonse motherboard ili pamwamba pa katoni yake. Ikani purosesa, RAM, card, lumikizani power supply, muone ngati chithunzi chikubwera. Makamaka card yogula kwa munthuyo. Munaiona ikugwira ntchito musanapereke ndalama?

Membala wobisa dzina
Anandionetsa vidiyo pafoni ikugwira. Tinakumana pa galaja ya mafuta.

Kamnyamata ka ku UJ
Eee. Yesani lero lomwe akulu.

Gulani Kwa Ife
Makesi alipo atsopano ndi ogwiritsidwapo kale, komanso timatumiza katundu ku Lilongwe ndi Blantyre sabata iliyonse. Bwerani ku inbox.

Adimini 2
Malonda ndi Lachisanu lokha. Chenjezo lomaliza.

Mayi Busa
Mwana wanga, za mnzako wa usipayo, khala naye pansi mukambirane. Ku chilendo m'bale wako ndi amene wagona naye chipinda chimodzi. Za makompyuta sindidziwa koma ndikupempherera.

Fundi wa mafiriji
Za usipa musazitaye, zikukhudza kesi. Utsi wa mafuta ukalowa mkati umamata pa mafani, fumbi n'kudzakakamira pamenepo, kumakhala ngati phula. Ndipo kumwera kwa tauni kuno mukudziwa mphepo ya Ogasiti mmene imanyamulira fumbi la m'milu ya migodi. Pezani yokhala ndi kasefa kochotseka pansi ndi kutsogolo, muzikatsuka. Musaiike pansi, ikhale pa tebulo. China ndi mphemvu. Zimakonda kofunda. Ndinatsegulapo ina ku Turffontein, mwini wake ankati ikungozima yokha, mkati munali mudzi wathunthu, ndi mfumu yomwe.

Injiniya wa ku Kempton
Mphemvuzo zinali mu POWER SUPPLY, ndikunama?

Fundi wa mafiriji
Zinali momwemo, koma musanyade.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse. Ndaona ina pa Facebook Marketplace ya R550, yaing'ono bwino, yoyera, galasi kutsogolo ndi pambali, mafani owala atatu. Mwini wake ali ku Germiston akuti nditumize R200 kuti andisungire chifukwa ofuna ndi ambiri. Nditumize? Komanso alamu aja aona uthenga wanga koma sanayankhe.

Nachisale wa ku Midrand
Musatumize kalikonse musanaigwire ndi manja.

Loya wa m'thekisi
Ofuna amakhala ambiri nthawi zonse, ngakhale chinthu chitakhala chaka pamsika. Yatsopano ya m'sitolo ili ndi ubwino wake: lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Protection Act, limakupatsani miyezi 6 yobweza chinthu chikapezeka ndi vuto. Mukagula pa intaneti kwa a bizinesi mulinso ndi masiku 7 osintha maganizo, kungoti yotumizira pobweza imakhala yanu. Kwa munthu wamba wa pa Marketplace zonsezi palibe. Yang'anani mitengo pa Takealot, Evetech ndi Wootware, muwerengere ndi ya kubweretsa. Mukafuna yakale, anthu a makompyuta amagulitsana pa tsamba la Carbonite, kumeneko wogulitsa amakhala ndi mbiri yoti mutha kuiwerenga.

Mjomba wa pa Bree
Loya wafika, alamu athawe.

Wa ku Nkhotakota
Kapena angopita ku Fordsburg, Dragon City ndi masitolo ozungulira, akaione ndi maso n'kunenerera mtengo.

Injiniya wa ku Kempton
Akapita kulikonse AKAIGWIRE. Dinani chitsulo cha pambali ndi chala. Chikabonyoka ngati malata a 32 geji, isiyeni. Pitirizani chala m'mphepete mwa mkati, zotchipitsitsa zimacheka, ine chipsera ndili nacho pa chala chamkombaphala mpaka lero. Yakale muwerenge timiyendo tamkuwa tokweza motherboard kuti isakhudze chitsulo, anthu amagulitsa atachotsa. Mukamanga popanda timeneto mwawotcha zonse. Muonenso kuti USB yakutsogolo ili ndi chingwe cha mutu waukulu wa USB 3, osati USB 2 yokha, apo ayi mavidiyo a ukwati muzikopera mpaka banjalo litatha.

Achemwali a IT
Apa ndiye mwayankhula ngati injiniya. Achimwene ofunsa, kachitatu tsopano. Motherboard. Ndi. Yanji.

Membala wobisa dzina
Pepani achemwali, ndinali pa shifiti. Ndi yakuda, ya AMD. Katoni si yake yeniyeni, anandiikira mu ina. Tepi yoyezera ndilibe.

Mjomba wa pa Bree
Yakuda. Basi nkhani yatha, mupezereni kesi ya maliro.

Achemwali a IT
Chabwino, tichite chonchi. Pepala la A4 muli nalo, ngakhale la CV. Kutalika kwake ndi 297 mm. Ligonekeni pambali pa motherboard. Ikaposa pepalalo pang'ono ndi ATX. Ikachepera, n'kukhala yofanana mbali zonse kapena kuyandikira, ndi micro-ATX. Dzina lake limalembedwanso pa bolodi pomwepo ndi zilembo zikuluzikulu, pafupi ndi polowetsa card. Kenako muchite chimodzimodzi ndi card.

Membala wobisa dzina
Ndayesa. Bolodi yachepera, ndipo palembedwa B450M. Koma card yaposa pepala ndi zala ziwiri. Ili ndi mafani atatu.

Achemwali a IT
Mwaona? M ameneyo ndi micro-ATX, ndiye bolodi ilowa pafupifupi paliponse. Vuto lanu ndi card, ili cha m'ma 330 mm. Makesi ang'onoang'ono otchipa ambiri salandira yotalika choncho, makamaka akale okhala ndi mashelefu a ma hard drive kutsogolo. Pa tsamba la malonda fufuzani mzere wa max GPU length (utali wa card imene ingalowe), ukhale 340 mm kapena kuposa, ndipo muone ngati nambalayo awerengera mafani akutsogolo, chifukwa fani imadya 25 mm. Ngati pa purosesa mwaika chozizitsira chachitali, muonenso CPU cooler height. Ya ku Germiston ija mufunseni dzina lake tiione, koma ndikukayika.

Membala wobisa dzina
Nanga nditachotsa mafani akutsogolowo singalowe? Yandisangalatsa kwambiri.

Injiniya wa ku Kempton
GALASI KUTSOGOLO, MAFANI WACHOTSA, CARD YA MAFANI ATATU. Mundiitane pa maliro. Ndipo power supply ija simunandiyankhe, ndi ya kampani yanji?

Bambo a ana atatu
Feteleza safuna kuyeza ndi pepala.

Wa matailosi ku Rosettenville
Aise, ndiye dzina unabisiranji poti masokosi ndi anga? Usipawo umadya nawo, dzulo unapempha wowonjezera. Tepi ili m'chikwama changa cha ntchito kuseri kwa chitseko miyezi yonseyi, ukanangofunsa. Ndayeza card yako, ndi 32 cm ndi theka. Pobwera ugule anyezi.