Game theory ndi mafoni akufa, zikukumana pati?

NaPhiri_wa_kuZomba:
Abale ndithandizeni. Alekichala atipatsa asayimenti yoti tigwiritse ntchito game theory (masamu a mmene anthu amasankhira zochita poganizira zomwe anzawo achite) pokonza dongosolo la zinyalala za zipangizo zamagetsi, mafoni akufa, ma TV, mafiriji. Ine ndimaona ngati zinyalala ndi nkhani ya khonsolo basi, ndiye masamu akulowapo bwanji? Osewerawo ndi ndani?

Chiphwanyamasamu:
Achemwali, wosewera ndi aliyense amene phindu lake likudalira zomwe mnzake achite. Apa pali woitanitsa katundu, inuyo eni foni, mnyamata wogula sikirapu, fakitale yophwasula bwinobwino, ndi boma. Tengani makampani awiri oitanitsa mafiriji. Onse atamasonkha kandalama kotolera mafiriji akufa zinthu zingayende, koma aliyense amawerengera kuti ine ndikalipira mnzangayu nkuzemba firiji yanga idula makasitomala andithawa, mapeto ake onse awiri amazemba. Imeneyo ndiye prisoner's dilemma, idachokera ku RAND, bungwe lofufuza la ku America, mu 1950. Pomwe onse akanirirapo, palibe amene angapindule posintha yekha, mpomwe amati Nash equilibrium. Manambala oyambira nawa: lipoti la UN la 2024 lidati mu 2022 dziko lonse lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zinthu zimenezi, zotoleredwa mwadongosolo 22.3% yokha.

Bambo_a_Tiya:
Zamakampanizo nzoona koma gemu yeniyeni ili pansi, pa mnyamata wa sikirapu. Werengani za Agbogbloshie, malo omwe kunali sikirapu ku Accra, Ghana. Anyamata ankaunjika mawaya nkuyatsa moto, kusonkhezera ndi matayala akutha, utsi wakuda bii, kuti pulasitiki ipse patsale kopa. Musaganize kuti sankadziwa zoti utsiwo ngoipa, chifuwa nchawo chomwe, koma wogula akufuna kopa lero lomwe ndipo tiwaya tating'onoting'ono kutisenda ndi mpeni dzuwa likhoza kulowa usanapeze ya chakudya. Mu 2014 a bungwe la Pure Earth adabweretsa makina osendera mawaya, kuotcha sikudathe. Mu 2016 Ghana idakhazikitsa lamulo la zinyalala zoopsa ndi zamagetsi, Act 917. Mu 2021 boma lidagumula malo onsewo ndi mathirakitala, anthu adangomwazikana ntchito nkukapitiriza kwina. Ndiye mu tebulo lanu la phindu ndi zotayika za wosewera aliyense musangolemba chindapusa ayi, muchichulukitse ndi mwayi woti munthuyo agwidwa. Chindapusa chachikulu koma inspekita samabwera, kwa mnyamatayo ndi ziro.

NaPhiri_wa_kuZomba:
Eeh ndiye yankho nkuchulukitsa ma inspekita eti?

Chiphwanyamasamu:
Ayi ndithu, amenewo nawonso ndi osewera kkkk, ali ndi masamu awo a kangachepe. Chosavuta nkusintha malipiro. Fakitale igule waya wosaotcha pa mtengo woposa wa kopa wootcha, muone ngati alipo ayatsenso moto. Ndalamayo ichokere pa kandalama kowonjezera pogula chinthu chatsopano, ku Switzerland adayamba zimenezi mu 1994, munthu amalipiriratu mu shopu, chinthu chikafa amangokabweza ulere. Ku South Africa malamulo okakamiza opanga ndi oitanitsa katundu kusamala zinyalala zawo adayamba kugwira ntchito mu 2021. Mukafuna mamalikisi ambiri mugwiritse Stackelberg, boma likuyamba kuika mtengo likudziwiratu mmene enawo ayankhire.

Bambo_a_Tiya:
Za ku Switzerland zimayenda chifukwa katundu amalowa pakhomo lodziwika ndipo wogulitsa ali mkaundula. Kwathu kuno firiji yabwera yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Joni, yakwera thiraki ya a transporter pamodzi ndi mabulangete, mwini wake ndi mlamu wanu amene akugwira ntchito ku Randburg, nanga kandalamako mukamulipiritsa ndani? Achemwali wosewera ameneyu mumuikemo, alekichala akafunsa za iyeyu.